Kapiritsi Koyera ka Lachinayi

Foni inalira ndili kuseri kwa nyumba, ndikuyanika mashiti. Ndimayanika kuseriko, pachingwe chachifupi cha pakati pa khoma ndi bafa, ngakhale kuti dzuwa limafikako mochedwa. Chingwe cha kutsogolo n'chabwino, koma odutsa mumsewu akhoza kuyamba kuwerenga kuti pa sabata timachapa zogonera kangati. Amuna anga anali atadwala khansa ya m'chikhodzodzo zaka zitatu, ndipo sindinkafuna kuti matenda awo aziwerengedwa ndi anthu odutsa.

Ndinapukuta manja pasiketi n'kuyankha. Anali anesi a kuchipatala chachikulu, aja a mawu osasa.

"Mayi, aDalaivala ali pafupi?"

Amuna anga anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali zaka makumi atatu. Anapuma kalekale, koma dzinalo linawakakamira mpaka kuchipatala.

"Akupumula. Kwagwanji?"

"Palibe chagwa, musadzidzimuke. Kafukufuku uja adokotala anakuuzani mwezi watha, malo apezeka. Mubwere Lachinayi likubwerali. Opaleshoni ija tayamba taiimitsa."

Opaleshoniyo inali yochotsa chikhodzodzo chonse n'kuwaika thumba pamimba. Zotupa anazipala kawiri, ndipo kawiri konseko zinameranso. Tsiku limene anatiuza za thumbalo, amuna anga anafika kunyumba n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kupolisha nsapato zomwe savalanso. Anatha masiku awiri osalankhula za nkhaniyo. Tsiku lachitatu anangoti, "Mukapemphere kuti ndife ndili wathunthu." Sindinapemphere zimenezo, koma ndinadziwa pomwe panali mtima wawo.

Anesi atadula foni ndinaimirira ndi shiti yonyowa paphewa. Ndinati, "Zikomo Ambuye," chamumtima. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma ndinapeza kuti nachonso chimwemwe chimafuna mphamvu. Ndinamaliza kaye kuyanika, kenaka ndinapita kukawadzutsa.

Adokotala a kafukufukuyo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu wachiwiri, wa maso otopa. Anatembenuza kompyuta kuti tione. Panali timadontho takuda tambirimbiri, tikuyendayenda ngati nyerere zomwe wina waziponda njira.

"Timeneti n'tating'ono kwambiri," anatero. "Pansonga ya tsitsi limodzi tingakwanepo masauzande. Kalikonse kanyamula mankhwala. Mankhwala akale aja tikathira m'chikhodzodzo amangokhazikika pansi ngati mchenga m'ndowa. Koma iti timayenda tokha, timafika m'mbali monse, n'kukaunjikana pachotupa."

Amuna anga anavala magalasi n'kusendera pafupi.

"Ndiye ndi timabasi," anatero. "Dalaivala wake ndani?"

"Tilibe dalaivala, bambo."

"Mwaona, mayi? Ndinachita bwino kupuma msanga. Ntchito yatha. Nanga mafuta timamwa kuti?"

Adokotala anaseka koyamba. "Mafuta ake ali mumkodzo wanu. Muli mchere wina umene timadya kuti tiyende."

"Ndakalamba n'kusanduka pomwetsera mafuta," anatero amuna anga, akundiyang'ana kuti ndiseke. Ndinamwetulira.

Kenaka adokotala anatiuza malamulo, akuwerenga ndi zala. Tizibwera Lachinayi lililonse, kasanu ndi kamodzi. Akathira mankhwalawo kudzera m'kachubu, amuna anga aziwasunga ola lathunthu osakodza. Kwa maola anayi asanabwere asamwe kanthu, kupatula madzi ongomezera mapiritsi, chifukwa mkodzo ukachuluka madzi mafuta aja amachepa, ndiponso chikhodzodzo chimadzaza msanga. Akalephera kawiri, malamulo a kafukufuku amati achotsedwe, abwerere pamzere wa opaleshoni.

"Ola limodzi lokha?" anatero amuna anga. "Ine ndinkasunga maola asanu ndi limodzi, basi yodzaza, msewu wa mabampu. Apaulendo ndi amene ankalira."

"Chinthu chinanso," anatero anesi aja, amene anaimirira pakhomo ndi buku lathu la kuchipatala. "Kapiritsi koyera kaja ka kutupa miyendo, kamakodzetsa. Lachinayi m'mawa musamwe. Muzimwa tikamaliza."

"Zimenezo uzani akondakitala angawa," anatero amuna anga, akundiloza ndi chibwano. "Ine ndimangotsegula pakamwa."

Zinali zoona. M'mawa uliwonse ndimaika mapiritsi awo anayi m'kambale kong'aluka m'mphepete, n'kuwathira m'manja mwawo, iwo n'kuponya m'kamwa osayang'ana. Sanafunsepo kuti ili ndi la chiyani.

Chipinda chothirira mankhwala chinali ndi mabedi atatu, makatani obiriwira pakati pake, ndi wotchi yaikulu pakhoma moyang'anana ndi mabediwo. Bedi la pafupi ndi zenera linali la bambo wina wowonda, wadazi, amene onse ankamutcha aTelala. Iwo anali atabwera kale katatu.

"Mwafika mochedwa, achimwene," anatero aTelala tsiku loyambalo, osadzutsa mutu. "Mankhwala akale aja ankatitembenuza mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, chagada, chafufumimba, cham'mbali, ngati tikuwotchedwa pamakala. Awa mumangogona ngati bwana. Antchito ali m'kati."

"Nanga mumawamva akuyenda?"

"Ine ndimawamva akukangana. Wina akuti tikhotere kumanja, wina akuti ayi. Musayang'ane wotchi, achimwene. Wotchi imeneyo ndi mfiti. Mukaiyang'ana imaima."

Tsiku limenelo amuna anga anasunga ola lonse. Mphindi khumi zomaliza anagwira chitsulo cha bedi mpaka zala kuyera, koma anasunga. Potuluka anapatsa aTelala moni wa asilikali.

Tinachedwa kufika kunyumba. Pamalo olandirira mankhwala panali mzere, pasiteji panalinso mzere, ndipo m'basi tinaimirira theka la njira, mpaka mayi wina wonyamula mwana anawasiyira amuna anga mpando, iye n'kuimirira ndi mwanayo. Kapiritsi kaja ndinakaiwala pawindo la kukhitchini, choncho anamwa dzuwa litapendeka. Pamasitepe atatu a pakhonde pathu anapumira kawiri. Atakhala pansi nsapato zinakana kuvuka. Mapazi anali atatupa mpaka zingwe kulowa m'mnofu, ndipo ndinachita kuzidula ndi sizasi. Ndikadina chala pamwendo, pankatsala dzenje.

Chaka chapitacho miyendo inayambanso chonchi, madzi n'kukwera mpaka m'chifuwa. Anagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri, ndipo tsiku lina m'busa anaitanidwa. Ndinagwada pamenepo ndi beseni la madzi ofunda, ndikumva mmene ankapumira, ndipo zonse zija zinandibwerera.

Nambala ya anesi ndinali nayo. Ndinaitsegula kawiri sabata imeneyo. Koma ndinaganiza kuti ndikanena za mapazi, aziti munthuyu mtima wake ndi wofooka, sakuyenera kafukufuku, malo apatse wina. Pofika Loweruka mapazi anaphwa. Foniyo sindinaimbe.

Lachinayi lachiwiri ndinadzuka m'mawa kukonza kambale kaja. Ndinaikamo mapiritsi atatu. Kachinayi ndinakagwira m'manja nthawi yaitali. Kunja kunkaoneka kuti kutentha, ndipo ndinaganiza za mizere ija, za basi, za masitepe atatu. Ndinatenga mpeni n'kukadula pakati. Theka silingawononge kanthu, ndinadziuza choncho, lingowathandiza kuti afike kunyumba ali bwino. Theka linalo ndinalikulunga m'kapepala n'kuika m'chikwama.

Iwo anatambasula dzanja, n'kuponya m'kamwa, n'kumeza ndi madzi pang'ono.

"Zikomo akondakitala," anatero. "Tinyamuke."

Anesi anathira mankhwala dzuwa litakwera, wotchi ya pakhoma ikuloza teni. Ine ndinakhala pampando wa m'mbali mwa bedi. Mphindi makumi awiri zoyamba amuna anga ankacheza ndi aTelala za mabuleki a mabasi akale. Kenaka anasiya kuyankha. Thukuta linayamba pamphumi n'kutsikira m'makutu.

"Achimwene, mwayang'ana wotchi," anatero aTelala. "Ndinakuuzani."

"Sindinayang'ane."

"Ndiye werengani mabatani a malaya anga. Ndinasoka ndekha, onse ndi osiyana."

Amuna anga anayesa kuseka, koma anangoluma mlomo. Anapinda mawondo, n'kuwongola, n'kupindanso. Ndinawagwira dzanja ndipo anandifinya mpaka mphete kundipweteka. Ndinkayang'ana wotchi ija m'malo mwawo, ndikupempha Mulungu kuti aikankhe. Itakwana mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu anati, "Mayi, itanani anesi," koma anesi asanafike zinali zitachitika kale.

ATelala anatembenukira kuzenera n'kuyamba kuliza mkonono wabodza, wokweza kwambiri. Anesi anakoka katani mbali zonse, anabweretsa nsalu youma ndi thalauza la chipatala, ndipo pansi anakolopa okha, osaitana wokolopa. Amuna anga anaphimba nkhope ndi mkono.

Atatha zonsezo anesi anabwera ndi pepala.

"Bambo, ndifunse, ndi lamulo. Mwamwa tiyi m'mawa uno?"

"Ayi."

"Madzi?"

"Ongomezera mapiritsi."

"Kapiritsi koyera kaja?"

"Funsani amayiwa."

Anesi ananditembenukira. Sankandikayikira, ankangodikira kuti achonge pabokosi.

"Kali m'chikwamamu," ndinatero, ndipo ndinatulutsa kapepala kokulunga kaja n'kuwaonetsa osakamasula.

Anachonga. "Chabwino. Zimachitika, bambo, musadziimbe mlandu. Kamodzi aka. Sabata yamawa tidzayesanso."

M'basi pobwerera anakhala kuzenera, thalauza lawo lili m'pepala la pulasitiki pamiyendo panga. Sanadzudzule dalaivala ngakhale kamodzi, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiraneni.

Sabata imeneyo inali yaitali. Amuna anga anachotsa wotchi ya kukhitchini n'kukaiika patebulo la pabalaza. Akamva kuti akufuna kupita kuchimbudzi ankakhala moyang'anana nayo, manja ali pamawondo, kudziyesa. Nthawi zina ankafika mphindi makumi asanu, nthawi zina makumi atatu. Ankalemba manambalawo kuseri kwa kalendala.

Ndinafuna kuwauza Lachisanu, ndikuwapatsa tiyi. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Ndakuchititsani manyazi, mayi. Pamaso pa anthu." Ndinangoika kapu patebulo n'kubwerera kukhitchini. Ndinafunanso Lamlungu pochokera kutchalitchi, koma anali atatopa ndi kuyenda, ndipo ndinati ndidikire apume. Lolemba mwana wathu wamkazi anaimba foni, ndipo ndinawamva akumuuza kuti, "Injini yatha, mwanawe. Ukaona galimoto ikudontha poimika, usamavutike n'kupenta."

Ndinkadziuza kuti Lachinayi likubwerali sindiwapatsa kanthu, adzasunga ola lonse ngati poyamba, ndipo nkhaniyi idzafa yokha popanda wina kupwetekanso. Ndinkapemphera m'mawa ndi madzulo monga mwa masiku onse, koma mapemphero ake ankangozungulira pamalo amodzi ngati munthu wofunafuna chinthu chimene wachikhalira.

Lachiwiri kunagwa mvula ine ndili kumsika. Nditabwera ndinapeza mashiti amene ndinasiya pachingwe atapindidwa bwinobwino pampando wa pakhonde, ataphimbidwa ndi thawulo losakhala lathu. Mayi woyandikana nafe anali pakhomo pake akusesa madzi. Anangondiweyulira dzanja n'kupitiriza kusesa. Sanafunsepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi osayatsa nyale, chifukwa kukoma mtima kwa anthu kunayamba kundilemera.

Lachitatu ndinaona kuti makapu onse amene ndinkawapatsa ankabwera opanda kanthu, msanga kuposa masiku onse. Ndinayamika kuti ayambanso kumwa bwino.

Lachinayi lachitatu ndinaika mapiritsi atatu okha m'kambale. Koyera kaja ndinakaika kathunthu m'chikwama, pamodzi ndi botolo la madzi, kuti adzamwe tikangotuluka. Amuna anga anameza movutikira. Milomo yawo inali yosweka, koma ndinati ndi mphepo. Pasiteji anatsamira mtengo wa magetsi. M'basi anatseka maso.

Anagwa m'khonde la chipatala, patatsala zitseko ziwiri kuti tifike. Sanagwe mwaphokoso. Mawondo anangopindika, iwo n'kutsetsereka ndi khoma, chipewa n'kugubudukira pakati pa njira. Ndinakuwa, ndipo anesi aja anatuluka akuthamanga ndi bambo wina wokankha mpando wa odwala.

Anawagoneka pabedi lomwe lija. ATelala anali kale pabedi lawo, tsiku lawo lomaliza, mankhwala ali m'kati, ndipo anadzutsa mutu osanena nthabwala. Anesi anayeza magazi pamkono, anatsina khungu la padzanja n'kuona kuti silikubwerera, kenaka anakoka katani n'kuika kachubu kuti aone mkodzo. Unatuluka wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, wosakanikirana ndi magazi.

"ADalaivala," anatero anesi, mawu awo osasa aja atatsika. "Mwamaliza liti kumwa madzi?"

Amuna anga anali atatsitsimuka. Anayang'ana kudenga.

"Ndikufunsa inu, bambo."

"Lachiwiri madzulo."

"Lachiwiri? Ife tinati maola anayi!"

"Maola anayi anandikanika sabata yatha. Ife paulendo wautali tinkasiya kumwa dzulo lake. Ndinati ndiwonjezere tsiku lina kuti ndisakuvutitseninso ndi mopu."

"Nanga tiyi uja?" ndinafunsa ine. "Makapu aja?"

"Maluwa anu a pawindo amwa bwino sabata ino."

Anesi anapukusa mutu, anapachika diripi, n'kupita kukaitana adokotala.

Adokotala anabwera ndi faelo yathu, n'kukhala pakampando kozungulira kumapazi a bedi. Anawerenga kanthawi, akudzisisita pamphumi.

"Lero sitingathire," anatero. "Chikhodzodzo chili ndi mabala, mankhwala angalowe m'magazi. Bambo, mukanatha kuwononga impso zanu."

"Pepani, adokotala."

"Chimene chikundivuta n'cha sabata yatha. Munatsatira malamulo onse, koma munalephera pa mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Zikatero nthawi zambiri ndiye kuti chikhodzodzo chakhwinyata chifukwa cha kupala kuja, sichingathenso kusunga. Ndipo ngati mukuchita kudzipha ndi ludzu kuti musunge, ndiye kuti tikukuzunzani chabe. Uku tikutaya masabata, chotupa sichikudikira." Anatulutsa fomu yachikasu n'kuiika pafaelo. "Ndikuganiza kuti tikubwezereni kwa a opaleshoni. Ali ndi malo pa sabata ziwiri zikubwerazi."

Ndinayembekeza kuti amuna anga akana, kapena anena nthabwala. Anangotembenuza dzanja lopanda diripi lija, chikhatho kuyang'ana kumwamba.

"Lembani, mwana wanga," anatero. "Mwayesetsa. Wolephera ndine."

Adokotala anachotsa chivindikiro cha cholembera. Ndinaona akulemba tsiku pamwamba pa fomuyo, kenaka nambala ya faelo. Ine ndinakhala pamenepo, chikwama chili pamiyendo, lilime litauma ngati kuti ndine amene sindinamwe madzi. Ndinapempha Mulungu mawu amodzi okha oyambira.

"Sanatsatire malamulo onse," ndinatero.

Cholembera chinaima.

"Sabata yatha ndinawapatsa kapiritsi koyera kaja m'mawa. Theka. Iwo sankadziwa. Chimene ndinaonetsa anesi chinali theka lotsala."

Sindinayang'ane amuna anga. Ndinayang'ana nsapato za adokotala, zakuda, zakutha chidendene mbali imodzi.

"Chifukwa chiyani, mayi?" Sanakalipe. Anafunsa ngati munthu amene watopa kwambiri moti sangathe kukwiya.

Ndinawauza za mapazi, za zingwe zomwe ndinadula, za masitepe atatu, za masiku khumi ndi awiri a chaka chatha. Ndinawauzanso kuti ndinkaopa kuti ndikanena, awachotsa.

"Mukanangoimba foni," anatero anesi kumbuyo kwanga. "Foni yokha, mayi. Tikanangosintha nthawi, azimwa Lachitatu masana, Lachinayi akangotsika pabedi. Nkhani ya mphindi ziwiri. Ndipo ine ndinachonga bodza papepala la boma la kafukufuku ndi dzanja langali."

"Ndikudziwa," ndinatero.

Adokotala anabwezera chivindikiro pacholembera. Anatsegulanso faelo, kubwerera kutsamba la Lachinayi loyamba.

"Tsiku loyamba, popanda piritsi, anasunga ola lonse," anatero, ngati akudzilankhulira. "Theka la kapiritsi kameneko likhoza kudzaza chikhodzodzo cha munthu wabwinobwino pa theka la ola." Anaimirira. "Ndiyenera kulemba zonsezi momwe zilili, mayi, ndi kuti munabisa. Sindingalonjeze kanthu. Akuluakulu a kafukufuku sakonda odwala amene kunyumba kwawo kumachitika zina, kuno n'kumanenedwa zina. Ndikawaimbire."

Anatuluka ndi faelo, fomu yachikasu ija ili pamwamba. Anesi anayang'ana diripi, anaiwongola pang'ono ngakhale inali bwino, nawonso n'kutuluka.

Tinadikira pafupifupi theka la ola. Amuna anga anatembenukira kukhoma. Ndinawafunditsa mapazi, iwo osasuntha. Kuseri kwa katani aTelala anatsokomola, n'kunena motsitsa kuti, "Anesi, ola langa lakwana kalekale, koma musafulumire," ndipo anesi anabwera kudzawaperekeza. Atabwerako ndinamva akuvala nsapato pang'onopang'ono, n'kukhalanso pabedi. Sanapite. Ndikuganiza kuti ankafuna amve mathero ake.

Adokotala anabwera opanda fomu ija.

"Avomera, koma movutikira," anatero. "Cha sabata yatha chikhalabe cholephera, sichifufutika. Cha lero sitiwerenga, popeza sitinathire. Ndiye kuti mwatsala ndi mwayi umodzi, bambo, ndipo maulendo otsala ndi asanu, pamodzi ndi wobwereza wa sabata yatha. Mukalephera umodzi mwa amenewo, tasiyana. Sabata ino muzimwa madzi ngati munthu. Lachinayi muzibwera ndi mabotolo onse a mapiritsi, anesi ndi amene azikupatsani kuno." Ananditembenukira. "Si chilango, mayi. Atero ndi akuluakulu."

"Ndamva, adokotala. Zikomo."

"Diripi ikatha muzipita."

Atachoka, amuna anga anakhalabe choyang'ana kukhoma. M'botolo munatsala madzi ochepera theka, akudontha limodzilimodzi. Ndinayamba kuwerenga madonthowo, kenaka ndinasiya.

"Mwamva, abambo?" ndinatero. "Akupatsaninso mwayi."

"Ndamva."

Ndinasendeza mpando wanga pafupi ndi bedi.

"Masiku asanu ndi awiri," anatero, osatembenuka. "Mumandiona ndikukhala ndi wotchi ija ngati mwana wa sukulu. Mumandimva ndikudzitukwana. Mumandipatsa tiyi."

"Eya."

"Za piritsi sindikudandaula. Mumaopa kuti ndifa, ndikudziwa. Koma munandisiya ndikhulupirire kuti ndatha."

Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati wathu tinalakwirana kambirimbiri, koma ine sindine wa mawu. Ndikalakwa ndimasita malaya amene sanandipemphe, kapena kuwasungira mbali yofewa ya buledi, iwo n'kumva, nkhani n'kutha. Apa panalibe choti ndisite. Panali bedi lachitsulo, katani yopyapyala, ndi aTelala kuseri kwake amene ankamva chilichonse.

Ndinaika chikwama pansi. Ndinazungulira bedi kupita mbali ya kukhoma kumene anayang'ana, n'kudzipanikiza pakampata kameneko mpaka nkhope yanga inafika pamene akanatha kuiona. Mawu anatuluka okweza kuposa mmene ndinafunira, moti phokoso la m'khonde linakhala ngati laima.

"Abambo, ndinakulakwirani. Ndinakupatsani chimene anatiletsa, ndinanama, ndipo ndinakusiyani musenze manyazi amene anali anga. Ndikhululukireni."